Hopewell ndi Chigalimoto cha Aphungu

Hopewell Namakhwa anabadwira kufupi ndi Milonde, m'banja la anthu othyola tiyi. Agogo ake anachokera kutsidya, ku Mozambiki, ndipo bambo ake anakalamba ndi dengu kumsana m'mizere ya tiyi ya ku esiteti. Iye dengulo sanalifune. Ali mwana ankatumidwa kukapereka chakudya kwa bambo ake, koma m'malo mobwerera kunyumba ankatsalira pa sikelo kudikira thilakitala yodzatenga masamba. Ankaonetsetsa mmene dalaiva akupondera ndi mmene akusinthira magiya. Atakula anamulemba ntchito yokweza matumba, kenako anayamba kugwirako chiwongolero dalaiva akatopa, ndipo pomalizira pake anapeza layisensi.

Pa thilakitala sanakhalitse. Anapita ku minibasi, ya pakati pa Limbe ndi Mulanje kudzera msewu wa Midima. M'minibasi simukhala chete. Amayi amakangana za malo oika madengu, wina amalalikira, wina amadandaula za feteleza, nkhuku ikulira pansi pa mpando. Kondakitala wake anali Sudi, Msilamu wa pa Chonde, munthu wanthabwala amene ankatha kuseketsa ngakhale anthu opita kumaliro. Awiriwa ankadyera limodzi, kukangana, kugwirizananso, ndi kukankha minibasi limodzi ikakana kulira.

Pa siteji ya Thuchila Hopewell anaona mtsikana wina, dzina lake Angella, akugulitsa nandolo ndi makaka, chinangwa chouma chija. Hopewell anayamba kugula makaka tsiku lililonse, mpaka Sudi anamufunsa ngati watsegula chigayo kunyumba. Patapita nthawi iye ndi Angella anakwatirana, ndipo Hopewell anakakhala chikamwini m'mudzi wa kwa Mukhova, kutsidya kwa kamtsinje ka Namiyala. Anabereka mwana mmodzi yekha, mtsikana, dzina lake Takondwa. Mwanayo atayamba sukulu ankadziwa kalilidwe ka hutala ya bambo ake. Akaimva ankathamangira kumsewu, ndipo Hopewell ankamuponyera banzi kapena nzimbe pawindo, anthu m'minibasi akudandaula kuti akuwachedwetsa.

Chisankho cha 2019 chitatha, phungu watsopano wa dera lina la m'boma lomwelo la Mulanje ankafuna dalaiva wodziwa misewu ya kumidzi. Wina anatchula Hopewell. Ntchitoyo inali ya malipiro a pamwezi, yokhala ndi yunifolomu, yopanda kulimbirana makasitomala pa siteji. Angella anavomera msanga, poganiza za sekondale ya Takondwa. Sudi yekha ndi amene anapukusa mutu.

“Kumeneko uzikacheza ndi ndani?” anamufunsa.

“Ndikupita kukagwira ntchito, osati kukacheza,” anayankha Hopewell.

Galimoto ya aphunguwo inali yakuda, yaitali ngati khonde la sitolo, matayala ake ofika m'chiuno mwa mwana. Magalasi ake anali akuda moti wa kunja sakanatha kuona amene ali m'kati. Pokwera munthu ankayamba waponda pa chopondera. M'kati munali mipando yokwana banja lonse, koma nthawi zambiri munkakhala anthu awiri okha: Hopewell kutsogolo, bwana kumbuyo. Tsiku loyamba bwanayo anamuuza malamulo ali maso pa foni.

“Ndikakhala pa foni, iwe ulibe makutu. Ndikatsika, injini usazimitse, eyakoni izigwirabe ntchito. Sindifuna kutuluka mu msonkhano n'kulowa mu uvuni. Wamva?”

“Ndamva, bwana.”

Sanali munthu wankhanza. Sankatukwana, malipiro sankachedwetsa, ndipo pa Khirisimasi ankapatsa Hopewell thumba la mpunga. Koma ankatha kuyenda kuchokera ku Mulanje mpaka ku Lilongwe osamulankhula mawu ena kupatula “fulumira” ndi “ima apa.” Hopewell, amene anazolowera phokoso la anthu, anayamba kusowa wolankhula naye.

Aphunguwo ankadziwika ndi nkhani za chilengedwe. Pa wailesi ankalankhula za mkungudza wa m'phiri umene ukutha, za mitsinje imene ikuuma, za kusintha kwa nyengo. Anali ndi malaya obiriwira okhala ndi chithunzi cha mtengo pachifuwa, amene ankakhala atapachikidwa kumbuyo kwa galimoto. Akamayandikira pa msonkhano ankavula jekete n'kuvala malayawo. Akatsika, amayi akuimba ndi kuvina, Hopewell ankaimika galimoto pa mthunzi, n'kutsala m'kati, injini ikulira, mphepo yozizira ikumuwomba m'maondo. Mawu a bwana ankamufika kudzera m'zimkuzamawu, ofooka chifukwa cha magalasi otseka.

“Abale anga, dziko likutentha! Utsi wachuluka! Inu owotcha makala, mukupha ana anu omwe!”

Anthu ankaomba m'manja. Kumbuyo kwa galimoto ana ankasewera pa utsi wa dizilo, kupikisana kuti ndani apirire nthawi yaitali osatsokomola. Msonkhano unkatha kuyamba dzuwa lili pamutu n'kutha litapendeka, ndipo nthawi yonseyo injini inkangolira, ikuziziritsa mipando yopanda anthu. Hopewell ankayang'ana kamuvi ka mafuta kakutsika galimoto ili chiimire. Nthawi zina ankaganiza za mlamu wake Ganizani, mchimwene wa Angella, amene ankawotcha makala n'kumawakankha pa njinga mpaka pa Chonde. Makala amenewo ankagulidwa ndi anthu a m'tauni. Ngakhale kunyumba kwa bwana, magetsi akazima, wophika ankatuma Hopewell yemweyo kuti akagule thumba.

Kunyumba anayamba kufikako mwa apo ndi apo. Nyumba ya Malamulo ikamakumana ankakhala ku Lilongwe milungu yambiri, akugona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya bwana. Masana ankadikira pamalo oimika magalimoto pamodzi ndi madalaiva ena, koma aliyense ankakhala m'galimoto yake, magalasi atatseka, chifukwa aliyense anauzidwa zofanana. Ankangokwezerana manja.

Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali kudutsa pa Thuchila. Angella ankakhala pamalo ake omwe aja, m'mbali mwa msewu. Akapatukira msewu wafumbi wopita kumidzi, galimoto inkadzutsa fumbi lofiira limene linkakwirira makaka oyanikidwa pa mphasa, ufa, tomato, zovala za pa chingwe. Okwera njinga ankathawira m'tchire. Hopewell ankamuona mkazi wake akuphimba malonda ndi chitenje, nkhope atatembenuzira kumbali. Kuliza hutala sakanatha, chifukwa bwana ankakhala pa foni.

Tsiku lina atapeza mpata wogona kunyumba, anati, “Ndinakuonani Lachitatu, amake Takondwa. Munavala chitenje chachikasu chija.”

“Inu mumationa,” anayankha Angella akusenda chinangwa. “Ife timangoona chigalimoto. Anzanga amandifunsa kuti, amuna anu aja ndi amene atimwaza fumbiwa? Ine ndimati kaya, mwina ndi ena.”

Ananena mosakwiya, ndipo zimenezo n'zimene zinamulasa Hopewell. Takondwa nayenso anali atakula. Ankamupatsa moni mogwada, mwaulemu, ngati mlendo wochokera ku tchalitchi.

M'mudzimo anthu ankamuyesa wolemera. Amene ankacheza naye kale pa bawo tsopano ankabwera ndi zopempha kuti akawanenere kwa aphungu: wina malata, wina ntchito ya mwana, wina mjigo. Akawauza kuti iye ndi bwana salankhulana, ankaganiza kuti akuwamana. Pang'ono ndi pang'ono analeka kubwera.

Chaka china, mvula itangoyamba, aphungu anasankha mudzi wa kwa Mukhova kuti ukhale malo okhazikitsira nyengo yodzala mitengo. Hopewell anasangalala ngati mwana. Kwa nthawi yoyamba ankalowa ndi galimotoyo m'mudzi mwake, anthu ake akuona. Anaitsuka mpaka matayala anawala.

Pa Namiyala panali mlatho wa mitengo ndi matabwa umene anthu a m'mudzimo anamanga okha. Unkadutsa njinga, njinga zamoto, ngolo, ndi kagalimoto kakang'ono kodzatenga odwala kapena kodzagula nandolo. Tsiku limenelo kunabwera mdipiti wa zigalimoto zikuluzikulu: ya aphungu, za alendo ochokera ku Lilongwe, za mabungwe, ya atolankhani, iliyonse itanyamula munthu mmodzi kapena awiri. Hopewell ndiye anali patsogolo. Atafika pa mlathowo sanaganize n'komwe zoima. Anali akuyang'ana kutsidya kumene amayi ankavina, akufunafuna Angella. Matabwa analira pansi pa matayala, galimoto inagwedezeka pang'ono, n'kuwoloka. Zinazo zinatsatira.

Mwambo unayenda bwino. Aphungu anavala malaya obiriwira, anagwada pa kapeti kakang'ono kamene anawayalira, anaika mbande m'dzenje, n'kudikira kuti ojambula amalize. Wina anawathirira madzi a m'botolo m'manja. Kenako analankhula za utsi, za makala, za udindo wa munthu aliyense. Ana asukulu anadzala mbande zotsalazo pa bwalo lonse la kumtunda. Hopewell anaonera zonsezi ali m'galimoto. Takondwa anadutsa pafupi ndi anzake, anayang'ana pa galasi lakudalo, anadzikonza mpango podziona, n'kupitirira.

Pobwerera, galimoto yomalizira itangowoloka, mtanda waukulu wa mlathowo unathyoka, mbali imodzi n'kugwera m'madzi. Palibe anavulala. Aphungu anamva nkhaniyi pa foni ali kale pa msewu wa tala, ndipo anati auzeni kuti tiwamangira wa simenti.

Wa simentiwo sunabwere. Mvula inakula, Namiyala anadzaza, ana analeka kupita kusukulu, ndipo mayi wina woyembekezera anamuwolotsa pa machira amuna ali m'madzi ofika m'chifuwa. Anthu atatopa kudikira anagwirizana zomanganso okha. Mitengo yaitali ndi yolimba yokwana mitanda inali itatsala pamalo amodzi okha: mitengo ya mbawa ya m'mphepete mwa mtsinje womwewo, kumtunda kwa nyumba za kwa Angella, imene inalipo agogo awo asanabwere. Anaidula.

Hopewell atabwera anapeza zitsa zikuluzikulu zofiira, zonga matebulo. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Ganizani anamupeza pomwepo, nkhwangwa ili paphewa.

“Alamu, mwabwera wapansi lero?”

“Galimoto ili ku Blantyre.”

“Zakhala bwino. Mlathowu ndi watsopano, tisauyese msanga.” Ganizani analavula pansi. “Mukawauze abwana anu kuti nthambi zake ndawotcha makala. Akanene pa wailesi.”

“Ine sindinathyole mlatho dala, alamu.”

“Ndani wanena kuti dala? Inu munangodutsa. Nthawi zonse inu mumangodutsa.”

Mbande za kumtunda zija zambiri zinadyedwa ndi mbuzi, zina zinauma m'chilimwe. Panatsala chikwangwani chokhala ndi dzina la aphungu ndi mawu akuti tisamale chilengedwe.

Kenako mafuta anayamba kusowa m'dziko. Hopewell ankatumidwa kukaima pa mzere kuyambira m'mawa. Tsiku lina ku Limbe anadikira mpaka dzuwa kupendeka, ndipo itafika nthawi yake wothira mafuta anathira, n'kuthira, n'kuthirabe, poti thanki ya galimotoyo inali ngati mgolo. Anthu a kumbuyo anayamba kung'ung'udza. Atangomaliza, pampu inatsokomola, wothirayo n'kukweza manja kuti dizilo watha. Kumbuyo kwake kunali minibasi, lole ya chimanga, ndi bambo wina wa chigayo atanyamula zigubu. Panabuka phokoso. Wina anamenya galimotoyo ndi chikhatho.

“Mafuta a anthu a m'basi yonse mwathira m'galimoto ya munthu mmodzi!”

Hopewell anawadziwa mawuwo. Anali Sudi, tsopano ali dalaiva, tsitsi litayamba imvi, akuloza galasi lakudalo ndi chala. Sankadziwa amene ali m'kati. Hopewell anaika chala pa batani lotsitsira galasi, koma sanalidine. Akanamuuza chiyani pakati pa anthu olusawo? Analiza galimoto n'kuchoka, ndipo njira yonse ankangomva kutentha kumaso ngakhale munali mozizira.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, Hopewell anali ku Lilongwe. Bwana anali pa msonkhano wa masiku angapo mu hotela, wokambirana za kusintha kwa nyengo. Hopewell anamva pa wailesi ya m'galimoto kuti ku Mulanje ndi ku Phalombe kwadutsa napolo, midzi yakokoloka, milatho yaduka. Anaimba foni ya Angella, sinalowe. Ya Takondwa, sinalowe. Ya Ganizani, chimodzimodzi. Anaimba mpaka batire linatha, analitchaja, n'kuyambiranso. Bwana atatuluka, Hopewell analankhula asanafunsidwe, chinthu chimene anali asanachitepo.

“Bwana, kwathu sindikuwapeza. Ndimapempha ndipite.”

Bwanayo anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. “Kwanu ndi kuti kodi?”

“Kwa Mukhova, bwana. Kumene tinadzala mitengo kuja.”

“Aa, pepa. Koma misewu yaduka, ungapite bwanji? Dikira, tipitira limodzi ndi katundu wa chithandizo.”

Anadikira. Masiku amenewo sankadya bwino, ndipo panalibe womuuza. Madalaiva anzake ankamupepesa pawindo n'kubwerera m'magalimoto awo.

Atanyamuka, unali mdipiti wina, lole ya ufa ndi mabulangete ili pambuyo. Anthu a kwa Mukhova anawapeza pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Thuchila, atadzazana m'makalasi. Bwana anatsika, atolankhani anamuzungulira. Hopewell anayang'ana mzere wa anthu odikira ufa, ndipo chapakati pake anaona Angella, atavala juzi ya mwamuna imene sinali yake, kumapazi kulibe kanthu. Pambali pake panali Takondwa.

Hopewell anazimitsa injini, natsika, chitseko n'kuchisiya chotsegula.

Takondwa ndiye anayamba kumuona. Anathamanga n'kumugwira m'khosi akulira, monga ankachitira ali wamng'ono. Angella sanachoke pa mzere, poopa kutaya malo. Hopewell anapita pomwepo.

“Amake Takondwa.”

“Mwabwera.”

“Ndimaimba foni. Tsiku lililonse ndimaimba.”

“Inapita ndi madzi. Nyumba inapita, mbuzi zinapita.” Anayang'ana kutsogolo kwa mzere. “Achimwene sitinawapeze.”

Ganizani anali atawolotsa Angella ndi Takondwa kupita nawo kumtunda, n'kubwerera kukatenga mayi wina wokalamba. Madzi anabwera ndi miyala, anagumula gombe pamene panali mitengo ya mbawa paja, n'kulowa m'mudzi. Ena mpaka lero amati mitengo ija ikanakhalapo gombelo likanalimba. Ena amati madzi ngati aja palibe mtengo ukanawaimitsa, poti anazula ngakhale milatho ya simenti. Hopewell sanayankhepo mbali iliyonse, koma funsolo silinamuchoke.

Anaima pa mzerewo pambali pa mkazi wake, yunifolomu yake yoyera ikuonekera patali pakati pa anthu amatope. Zimkuzamawu zinayamba. Bwana ankanena kuti ngozi imeneyi ndi phunziro, kuti tikamadula mitengo chilengedwe chimabwezera. Angella anamvetsera mpaka pamapeto, nkhope yake osasintha.

“Akunena achimwene,” anatero motsitsa mawu. “Pitani, akusakani. Galimoto yawo itentha.”

Inalidi itatentha. Bwana polowa anangoti, “Bwanji wazimitsa?” Hopewell anati anapita kukaona banja lake. Bwana anatulutsa mabulangete awiri amene anatsala kumbuyo n'kumuuza kuti akawapatse. Anamupatsanso sabata yoti akhale nawo.

Sabata imeneyo anayesa kukonza zinthu. Anapita kukaona pamene panali nyumba yawo, napeza mchenga ndi miyala yokhayokha, munda wonse utakwiririka. Anauza Angella kuti achite lendi kanyumba pa Thuchila, kapena apite naye ku Lilongwe. Angella anakana zonse ziwiri. Anali ndi amalume ake kutsidya, kufupi ndi Milanje ku Mozambiki, amene anatumiza uthenga woti malo olima alipo.

“Ku Lilongwe ndizikakhala m'kachipinda kudikira inu, inu mukudikira abwana? Ine ndimadziwa khasu. Ndipita kumene kuli dothi.”

“Ndiye ine?”

“Inu muli ndi ntchito. Mukadzafuna kubwera, njira mukuidziwa.”

Sanasudzulane. Palibe ankhoswe anaitanidwa, palibe mawu oipa ananenedwa. Hopewell anaperekeza Angella ndi Takondwa mpaka pa malire a Muloza, atanyamula kamtolo kawo, ndipo anaima tsidya lino akuwayang'ana mpaka anasakanikirana ndi anthu ena. Akanatha kuwatsatira tsiku lomwelo. Ankadziuza kuti agwire kaye chaka chimodzi kuti apeze malata omangira kutsidyako. Chakacho chinatha, china n'kuyamba. Ankatumiza ndalama, Takondwa ankayankha pa foni kuti zafika, ndipo mafoniwo ankafupika mwezi ndi mwezi. Hopewell anapitako kawiri. Ulendo wachiwiri anapeza kuti Angella wamanga kale nyumba ya zidina ndi thandizo la abale ake, ndipo iye anamuyalira mphasa pabalaza ngati mlendo.

Pa chisankho cha 2025 aphungu aja anagwa. Pasanapite nthawi galimoto ija anaigulitsa kwa munthu wa bizinesi wa ku Blantyre, amene anali ndi dalaiva wakewake. Hopewell anaiyendetsa komaliza kukaisiya. Bwana anamugwira chanza pa geti, namuthokoza chifukwa cha kukhulupirika, namupatsa envelopu ndi malaya obiriwira angapo amene anatsala pa kampeni. Anamufunsanso ngati ali ndi ana.

Kwa Mukhova kunalibenso chake, poti mkamwini wopanda mkazi pamudzi alibe malo. Anabwerera ku Milonde, kumene mlongo wake anamupatsa kachigawo ka munda ndi kanyumba kamene kanali kosungiramo chimanga. Ku minibasi anayesako, koma eni ake ankafuna anyamata othamanga, ndipo maso ake anali atayamba kuvuta dzuwa likamalowa. Anagula njinga yakapalasa. Masiku ano amapikula nanazi ndi nthochi kwa alimi a m'mphepete mwa phiri n'kukagulitsa pa msika. Amadzuka yekha, amaphika yekha, ndipo anthu a ku Milonde, amene anawasiya ali mnyamata, amamutchula kuti adalaiva koma sadziwa zoti acheze naye. Iyenso kucheza anaiwala. Akakhala pagulu amangomvetsera, manja ali pa maondo.

Chaka chino, chiperoni chitangoyamba, Takondwa anaimba foni. Anati wapeza banja, mnyamata wa kutsidya komweko wokonza njinga zamoto, ndipo ukwati uli pafupi.

“Mubwere, ababa. Amayi akuti mubwere.”

Anapita pa njinga, atamanga kumbuyo nanazi zosankhidwa bwino ndi ndowa yatsopano. Anawoloka pa Muloza m'mawa kuli nkhungu. Pa ukwatipo panali anthu ambiri, oimba Chilomwe ndi Chipwitikizi, ndipo pafupifupi onse sankamudziwa. Mnyamata wolandira alendo anamulozera benchi ya kumbuyo, pamodzi ndi anthu ongobwera kudzaonera. Hopewell sanatsutse. Anakhala pamenepo, chipewa chili m'manja, akuona mwana wake atavala zoyera, akuseka ndi anthu amene iye sankawadziwa mayina. Amalume a Angella ndi amene anakhala pa mpando wa kutsogolo.

Mwambo uli pakati, Angella anamuona. Anali atanenepako, ndipo kumutu kunali duku lofanana ndi la amayi ena a pamudzipo. Anadutsa pakati pa anthu mpaka kumbuyoko.

“Mwakhaliranji kuno?”

“Ndi pamene anandionetsa.”

“Nanga pakamwa mulibe? Dzukani.”

Anamutsogolera kutsogolo, nauza mwana wina kuti abweretse mpando. Kenako anaimitsa woyendetsa mwambo n'kunena mokweza, m'Chilomwe, kuti awa ndiwo bambo ake a mkwatibwi, achokera ku Malawi. Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta, mkamwini anabwera kudzagwada. Takondwa anamugwira dzanja nthawi yaitali.

Madzulo anthu atayamba kubalalika, Angella anamubweretsera madzi osamba m'manja, nakhala pa mphasa chapatali pang'ono. Anamufunsa za mlongo wake, za maso ake, za mtengo wa nanazi. Iye anafunsa za nandolo wa chaka chino. Anacheza ngati anthu amene anakwerapo basi imodzi kalekale.

“Takondwa akupita kwa amuna ake ku tauni ya Milanje,” anatero Angella. “Pano nditsala ndekha.”

Hopewell anadikira kuti apitirize. Angella anayang'ana kumunda, nayamba kukutumula nyenyeswa pa chitenje chake.

“Mugona, kapena mubwerera?”

“Mawa ndi tsiku la msika,” anatero Hopewell. Atangonena anazindikira kuti si zimene ankafuna kunena, koma mawu ena sanabwere.

Angella anagwedeza mutu. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kathumba ka mtedza ndi nyama yokulunga m'masamba a nthochi, namangirira yekha pa keliyala ya njinga, akukoka chingwe mwamphamvu kuti zisagwe m'njira.

“Nthawi yokolola mpunga manja amachepa,” anatero osamuyang'ana. “Mukadzakhala ndi mpata.”

“Ndidzaona,” anayankha.

Anakankha njinga mpaka pa msewu, nakwera. Anafika pa malire kusanade, wa pa geti anamudziwa n'kumukwezera dzanja. Kuchokera pamenepo mpaka ku Milonde ndi chitunda chokhachokha, ndipo mbali yaikulu anayenda wapansi, njinga ili pambali, kamvula ka chiperoni kakumunyowetsa pang'onopang'ono.